Mwapanga update, webusaiti yangoti mbee: zimene zimachitika pakati pa pulogalamu ndi ma plugin ake

Gulu likakula, WhatsApp imayamba kuchepa. Uthenga wa mtengo wa tiyi umakwiririka ndi mavesi a m'mawa, zithunzi za msonkhano wa mwezi watha sizioneka komwe zinalowera, ndipo wolowa kumene sadziwa zimene anzake anagwirizana chaka chatha. Apa m'pamene pamapezeka wina, kawirikawiri wachinyamata amene anaphunzirako za makompyuta, n'kukonzera gululo webusaiti yakeyake yochezerana: membala aliyense ndi dzina lake ndi chithunzi chake, timagulu ting'onoting'ono mkatimo, ndi mauthenga akumbali. Kaya ndi alimi a ku Thyolo, kaya ndi anthu amene anaphunzira sukulu imodzi pa Mulanje boma, webusaitiyo imayenda bwinobwino kufikira tsiku limene woyang'anira waona kachidziwitso ka update, kakuti mtundu watsopano wa pulogalamu watuluka. Amadina. Pasanathe mphindi, tsamba lonse langoti mbee, kapena latsala ndi mzere umodzi wa Chingerezi: "There has been a critical error on this website."

Mafoni amayamba kulira. Zinthu zathu zafufutika? Atibera? Nanga chinthu chimene chinabwera kudzakonza chiwononga bwanji? Nthawi zambiri palibe chimene chafufutika, ndipo palibe wakuba amene walowa. Mayina, zithunzi ndi mauthenga zili pomwe zinali. Nkhani ndi yakuti webusaiti yotere si chinthu chimodzi. Ndi zidutswa zolembedwa ndi anthu osiyanasiyana, osadziwana, aliyense ndi kalendala yake. Mmodzi akasuntha anzake asanakonzeke, pamene anagwirana pamaduka, ndipo ntchito yonse ya wokonza yagona pa kupeza pomwe padukapo.

Pulogalamu yaikulu ndi ma plugin

Okonza mawebusaiti ochezerana sayambira pa chabe. Amatenga pulogalamu yopangidwa kale n'kuiika pa seva, kompyuta imene amachita lendi kwa kampani pamwezi kapena pachaka. Ena amasankha Elgg, imene Dave Tosh ndi Ben Werdmuller anayamba mu 2004. Ena amatenga HumHub ya ku Germany. Amene anazolowera WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, amaikapo BuddyPress, imene Andy Peatling anayamba mu 2008. Zitsanzo zambiri pano zichokera ku WordPress ndi BuddyPress poti ndi zimene wowerenga angakumane nazo msanga, koma mfundo zake n'zofanana konseko.

Pulogalamu yaikulu imachita zimene aliyense amafuna: kulembetsa anthu, kusunga zolemba, kuonetsa masamba. Zimene gulu lanu lokha likufuna, monga kalendala ya misonkhano, malo a zithunzi kapena njira yolandirira zopereka za pamwezi, zimabwera ndi timapulogalamu towonjezera. Timeneti ndiye ma plugin. WordPress inatuluka mu 2003 ndipo inayamba kulola ma plugin mu Meyi 2004, pa mtundu wa 1.2. Lero m'nkhokwe yake muli ma plugin aulere oposa 50,000, ndipo ochuluka sanalembedwe ndi anthu amene amapanga WordPress yeniyeniyo. Ena ndi a makampani. Ena analemba munthu mmodzi madzulo ataweruka kuntchito, zaka zapitazo, kenako n'kupita kukachita zina.

BuddyPress nayonso ndi plugin, ndipo izi zimadabwitsa ambiri. Imakhala pamwamba pa WordPress, ma plugin ena n'kukhala pamwamba pa iyo. Palinso theme, imene imasamala kaonekedwe ka masamba koma nayo ili ndi malamulo ake mkati, ndipo imatha kugwetsa webusaiti ngati plugin iliyonse.

Wa kuno aliyense amadziwa madzi a m'mipopi ochokera m'phiri la Mulanje: paipi yaikulu imatsika ndi madzi, midzi n'kulumikizako timapaipi take. Paipi yaikuluyo ndiye pulogalamu, timapaipito ndiye ma plugin. Amisiri akasintha paipi yaikulu n'kuika ya saizi ina, madzi a m'phiri sanathe ayi, koma polumikizira pakale sipakwananso.

Polumikizira penipenipo

Plugin siyenera kulowa m'mafayilo a pulogalamu yaikulu n'kumasintha. M'malo mwake pulogalamuyo imasiya malo odziwika, okhala ndi mayina, pamene plugin ingakolekepo ntchito yake. Ku WordPress malowa amatchedwa ma hook, ndipo ndi amitundu iwiri. Mtundu wina uli ngati kulengeza kuti membala watsopano walembetsa, wofuna kuchitapo kanthu achite, ndiye plugin yotumiza uthenga wa takulandirani imanyamuka. Mtundu winawo umapereka mawu kwa plugin kuti iwasinthe asanaonekere patsamba. Kupatula ma hook, plugin imaitananso ma function, timalamulo tokhala ndi mayina timene pulogalamu yaikulu inalemba kale, monga kotenga dzina la membala kapena kopanga adiresi ya tsamba lake.

Update ikhoza kukhudza zonsezi. Function ikhoza kusinthidwa dzina, kuchotsedwa, kapena kuyamba kufuna zinthu zina zimene kale sinkafuna. Hook ikhoza kutsala ndi dzina lake lomwelo koma n'kumaitanidwa mochedwerapo, zinthu zimene plugin inkayembekezera zisanakonzeke kapena zitadutsa kale. Opanga mapulogalamu akuluakulu sachita izi mwakabisira. Amayamba aika chizindikiro chakuti deprecated pa chinthucho, kutanthauza kuti chikugwirabe ntchito koma chidzachoka. Chenjezoli limatha kukhala zaka. Vuto ndi lakuti amene akuyenera kulimva ndi mwini plugin, ndipo ngati iye anasiya kale kuyang'anako, palibe amalimva.

Nkhani ziwiri zikuonetsa bwino m'mene zimakhalira. Mu Ogasiti 2020, WordPress 5.5 inasiya kutsegula kachida kotchedwa jQuery Migrate, kamene kankathandiza malamulo akale a JavaScript, chinenero chimene chimayendetsa mabatani a patsamba, kuti azigwirabe ntchito. Mawebusaiti ambiri sanagwe, ankatseguka ndithu, koma mabatani anangouma: ukadina, zii. Ma plugin ndi ma theme ena anali akugwiritsabe ntchito njira imene jQuery, chida cha JavaScript chimene ankadalira, inachotsa kalekale, ndipo kachida kaja ndi kamene kankawabisa. Gulu la WordPress linatulutsa plugin yongoyembekezera, Enable jQuery Migrate Helper, kuti anthu apume kaye eni ma plugin akukonza.

Ina ndi ya mu Disembala 2023, pamene BuddyPress 12.0 inasintha njira yonse imene imawerengera ma adiresi a masamba a mamembala ndi a magulu, n'kuyamba kutsata njira ya WordPress yeniyeni. Opanga ake ankadziwa kuti ma plugin ena olembedwa motsata njira yakale adzasochera, choncho anakonzeratu plugin ina, BP Classic, yobwezeretsa kachitidwe kakale. Amene anawerenga chidziwitso asanadine anaiika, n'kudutsa bwinobwino. Kwa amene sanawerenge, zigawo zina za tsamba la membala zinatha kusowa kapena kutulutsa uthenga wakuti tsambalo kulibe.

Manambala a mtundu amanena chiyani

Pali mwambo umene Tom Preston-Werner, mmodzi mwa oyambitsa GitHub, webusaiti yosungirako mapulogalamu, analemba, wotchedwa semantic versioning. Manambala amakhala atatu, monga 5.1.3. Yomalizayo ikasintha, angokonza zolakwika. Yapakati ikasintha, awonjezera zatsopano osathyola zakale. Yoyambayo ikasintha, konzekani, zina zakale zachotsedwa. Elgg imatsata mwambowu, choncho kuchoka pa 4 kupita pa 5 ndi ulendo wofuna kufufuza plugin iliyonse musananyamuke.

WordPress siyendera zimenezi. Kumeneko manambala awiri oyambawo amawerengedwa pamodzi, moti kuchoka pa 6.4 kupita pa 6.5 ndi kusintha kwakukulu ngakhale kukuoneka kochepa. Eni ma plugin nawo aliyense amawerenga m'mene akufunira. Chothandiza kwambiri ndi mizere imene imalembedwa patsamba la plugin iliyonse m'nkhokwe ya WordPress: tsiku limene inakonzedwa komaliza, mtundu wa WordPress umene inayesedwa nawo, ndi mtundu wa PHP umene imafuna. Koma dziwani kuti zakuti inayesedwazo amalemba ndi mwini plugin yekha.

PHP, wachitatu amene saoneka

WordPress, BuddyPress, Elgg ndi HumHub zonse zinalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa PHP, chimene Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995. PHP imakhala pa seva, ndipo amene amasankha mitundu yake yopezeka pamenepo ndi kampani yobwereketsa sevayo. Nayo ili ndi kalendala yake. Mtundu uliwonse umasamalidwa zaka zowerengeka kenako n'kusiyidwa. PHP 5.6 inasiyidwa kumapeto kwa 2018, ndipo 7.4 inasiyidwa mu Novembala 2022. Makampani a maseva safuna kusunga zinthu zosiyidwa chifukwa zibowo zake, malo ofooka amene akuba amalowerapo, sizitsekedwanso, ndiye amakweza. Nthawi zina amachita zimenezi atangotumiza imelo imodzi imene palibe anaiwerenga. N'chifukwa chake webusaiti imatha kugwa usiku popanda amene anaikhudza, m'mawa mwake woyang'anira n'kumalumbira kuti sanadine kalikonse, ndipo akunena zoona.

Zimachitikanso mosemphanitsa. Mtundu watsopano wa pulogalamu ukafuna PHP yatsopano, woyang'anira amakweza zonse ziwiri tsiku limodzi, kenako n'kumaloza chala pulogalamu pomwe chasintha zinthu ndi PHP. Tikabwerera ku mipopi ija, PHP ili ngati mphamvu imene madzi akutsika nayo. Ikawonjezeka, polumikizira pamene panali pofooka kale, pongomangidwa ndi mphira, ndi pamene pamaphulika.

Kudumpha kwakukulu kunachitika kawiri. PHP 7.0, mu Disembala 2015, inachotsa njira yakale yolankhulira ndi database (nkhokwe yosungiramo mayina ndi mauthenga), ma function amene mayina awo amayamba ndi mysql_. PHP 8.0, mu Novembala 2020, inachotsa create_function ndi each, zimene ma plugin akale ankakonda kwambiri, ndiponso inasiya kulekerera. Zolakwika zambiri zimene PHP 7 inkangong'ung'udza n'kupitirira, PHP 8 imaima nazo pomwepo.

Choopsa kuposa zonse ndi kusintha kosafuula. Pa PHP 7, pulogalamu ikafunsa mwa njira yofewa ngati nambala 0 ndi yofanana ndi mawu wamba osakhala nambala, yankho linali lakuti inde. Pa PHP 8 yankho ndi lakuti ayi. Plugin imene inkadalira yankho lakalelo sigwa ndipo situlutsa uthenga uliwonse. Imangoyamba kuchita zina, mwina kubisa zimene zinayenera kuoneka, ndipo pamatha masiku wina asanazindikire.

Kuwerenga zimene seva yalemba

Tsamba loyera lija silinena kanthu, ndipo n'dala, kuti mlendo asaone za mkati mwa seva. Koma PHP ikaima imalemba chifukwa chake m'fayilo yotchedwa log. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi n'kuyamba kufufuta zinthu mongoganizira, chonsecho yankho lakhala phee m'fayilomo.

Kuyambira pa WordPress 5.2, mu Meyi 2019, webusaiti ikagwa chifukwa cha plugin kapena theme imatumiza imelo kwa woyang'anira. Imeloyo imatchula imene yalakwa ndipo imakhala ndi linki yapadera yolowera mkati plugin yovutayo itaimitsidwa. Tsoka lake, adiresi imene inalembedwa tsiku lokhazikitsa webusaiti imakhala ya mnyamata uja anaikonza, amene pano ali ku Johannesburg ndipo anasintha nambala. Onetsetsani lero lomwe, zinthu zikadali bwino, kuti adiresiyo ndi ya munthu amene amatsegula imelo.

Imelo ikapanda kufika, mumalowa m'mafayilo kudzera pa cPanel kapena chida china chimene kampani ya seva inakupatsani. M'fayilo ya wp-config.php mumaika WP_DEBUG ndi WP_DEBUG_LOG pa true, koma WP_DEBUG_DISPLAY pa false kuti mamembala asaone zolembedwazo. Mukatsegulanso tsamba logwalo, m'foda ya wp-content mumabadwa fayilo ya debug.log. Tiyerekeze kuti kumapeto kwake mwapeza mzere uwu:

PHP Fatal error: Uncaught Error: Call to undefined function create_function() in /home/gulu/public_html/wp-content/plugins/zithunzi-za-mamembala/widget.php:47

Simufunika kudziwa PHP kuti muumve. Mawu oyamba, Fatal error, akunena kuti apa ndi pamene zonse zinaimira. Apakatiwo akunena kuti china chake chinaitana lamulo limene kulibe, ndipo poti lamulolo ndi create_function, tadziwa kale kuti nkhani ndi ya PHP 8, osati ya WordPress. Kenako tsatani njirayo mpaka mutadutsa mawu akuti plugins. Dzina lotsatira ndi foda ya plugin imene yagwa, ndipo 47 ndi mzere wake m'fayilomo. Mzere umodzi wokhawu watchula wogwa, chomugwetsa ndi pomwe wagwera.

Musachite mantha ndi kutalika kwa fayiloyo. Mizere yoyamba ndi Deprecated, Notice kapena Warning ikhoza kukhala mazanamazana, koma si imene yagwetsa tsamba, ngakhale kuti ya Deprecated ikukuuzani za mavuto a chaka chamawa. Funani Fatal. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: nthawi zina njira ija imathera m'mafayilo a WordPress kapena a BuddyPress, pamene wolakwa ndi plugin imene inatumiza zinthu zosayenera kumeneko. Zikatero werengani mizere ya m'munsi mwake, imene imandandalika amene anaitana mnzake, mpaka mutaona dzina la plugin. Mukamaliza zimitsani WP_DEBUG ndipo fufutani log ija, chifukwa pa maseva ambiri aliyense wodziwa adiresi yake akhoza kuitsegula.

Mabatani ouma aja salembedwa m'log ya seva, poti JavaScript imagwira ntchito m'foni kapena m'kompyuta ya wowerenga. Zolakwika zake zimaoneka mukadina F12 pa Chrome kapena Firefox ya pakompyuta n'kupita pa Console. Mizere yofiira imatchula fayilo chimodzimodzi.

Kupatula wolakwa

Log ikatchula plugin, njira yachidule ndi kusintha dzina la foda yake, mwachitsanzo kuwonjezera chilembo kumapeto. WordPress ikalephera kuipeza imaisiya, webusaiti n'kudzuka. Ngati simukudziwa kuti ndi iti, mumasintha dzina la foda yonse ya plugins, n'kulowa mkati, n'kubwezeretsa dzinalo, kenako n'kumayatsa ma plugin. Elgg ili ndi njira yakeyake: mukaika fayilo yopanda kanthu yotchedwa disabled m'foda ya mod, ma plugin onse amagona kufikira mutaichotsa.

Malangizo ofala amati yatsani imodziimodzi. Ndi zoona, koma pa netiweki ya ku Muloza kapena ku Thekerani, pamene tsamba limodzi limatenga nthawi kuti litseguke bandulo ikutha, pali njira yofulumirirapo. Yatsani theka. Vuto likabwera, wolakwa ali m'theka limenelo, ndipo likapanda kubwera ali m'theka linalo. Gawaninso pakati. Ma plugin 16 amatha ndi maulendo 4, ndipo 32 amatha ndi maulendo 5. Yambani mwayatsa BuddyPress yokha, popeza ena onse atsamira pa iyo. Njirayi imasokonekera pamene ma plugin awiri ali bwino payekhapayekha koma sangakhale limodzi, monga onse akanyamula chida chimodzi cha mitundu yosiyana. Log imaulula zimenezi ndi mawu akuti Cannot redeclare, kapena akuti dzinalo likugwiritsidwa kale ntchito. Ma plugin onse akazima vuto lilipobe, sinthani theme n'kuika imodzi mwa zimene zimabwera ndi WordPress.

Pali kusiyana kumodzi kumene kwaliza anthu. Kuzimitsa plugin ndi kwina, kuifufuta ndi kwina. Kuzimitsa kumasiya zonse zimene inasunga m'database. Batani la Delete limapatsa plugin mwayi woti isese m'mbuyo mwake, ndipo ma plugin ena amasesadi, pamodzi ndi zaka za zithunzi kapena mndandanda wa amene analipira. Mukapsa mtima, zimitsani basi.

Wolakwa akapezeka, njira zake n'zochepa: kuika mtundu wake watsopano ngati ulipo, kudziwitsa mwini wake pomutumizira mzere wa log uja, kufuna ina yogwira ntchito yomweyo, kapena kubweza PHP pa mtundu wakale kwa kanthawi ngati kampani ya seva ikulola.

Pamene plugin ilibe mlandu

Magetsi akathima pa Luchenza update ili mkati, ambiri amaganiza kuti zonse zaonongeka. Zimatengera m'mene mukuchitira. Mukadina batani, ntchito yaikulu imachitika pa seva, kutali ndi kuno, ndipo nthawi zambiri imatha yokha. Koma ngati mumakweza mafayilo kuchokera pa laputopu yanu, kudukako kumasiya ena atsopano ena akale, ndipo zolakwika zimene zimatuluka zimafanana ndi za plugin. Mankhwala ake ndi kukwezanso mafayilo onse.

Uthenga wakuti "Briefly unavailable for scheduled maintenance" umachokera ku kafayilo ka .maintenance kamene WordPress imaika poyamba update n'kuchotsa pomaliza. Update ikadukira panjira kamatsala. WordPress imasiya kukamvera pakatha mphindi 10, komanso mukhoza kukafufuta pamanja. Uthenga wina, woyamba ndi "Allowed memory size of 134217728 bytes exhausted", ukungonena kuti malire a 128MB amene PHP inapatsidwa akwana. Fayilo imene yatchulidwa pamenepo ndi imene inapempha komaliza, osati kwenikweni imene yadya zambiri. Ndipo masamba akaoneka osokonekera kwa ena koma abwino kwa ena, kawirikawiri ndi makope akale amene foni kapena seva inasunga. Tsukani makopewo, amene amatchedwa cache, musanakhudze china chilichonse.

Kubwerera m'mbuyo

Webusaiti ili pawiri: mafayilo, amene ndi malamulo ndi zithunzi, ndi database, momwe muli mayina, mauthenga ndi makonzedwe onse. Update yaikulu imasintha zonse ziwiri. Pa Elgg mumachita kuyendetsa upgrade.php, pamene WordPress imakufunsani yokha kuti ikonze database. Kukonza kumeneku kumapita kutsogolo kokha. Mukabwezeretsa mafayilo akale pamwamba pa database yosinthidwa, mukhoza kubala vuto lachiwiri loposa loyamba. Backup yeniyeni, kope losungidwa pambali lobwezeretsera zinthu zikavuta, ndi ya zonse ziwiri, yotengedwa nthawi imodzi, musanadine. Ndipo isamangokhala pa seva yomweyo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

WordPress yakhala ikuyesa kufewetsa zimenezi. Mtundu wa 6.3, mu Ogasiti 2023, unayamba kubwezeretsa plugin yakale ngati update yochita pamanja yalephera panjira. Wa 6.6, mu Julayi 2024, unafikitsa chitetezochi ku ma update odzichitikira okha. Wa 6.5 unalola plugin kulemba poyera ma plugin ena amene imadalira. Zonsezi zimasamala mafayilo a plugin, sizibweza database. N'chifukwa chake akatswiri amasunga webusaiti yachiwiri yoyeserera, kope la yeniyeniyo, n'kuyamba apanga update kumeneko. Makampani ena a maseva amapereka zimenezi ndi batani limodzi, ena amafuna ndalama yapadera.

Zimene sizinagwirizanidwebe

Funso loyamba ndi la nthawi. Ena amati pangani update tsiku lomwelo, pakuti chibowo chikalengezedwa akuba amayamba kuchisaka pa mawebusaiti onse, aakulu ndi aang'ono omwe, ndipo zibowo zambiri zimene zimapezeka pa WordPress zimakhala m'ma plugin. Ena amati dikirani sabata, ena ayambe apsa. WordPress inayamba kudzikonza yokha pa zazing'ono mu 2013, pa mtundu wa 3.7, ndipo mu 2020 inalola kuti ma plugin nawo azidzipanga update okha ngati mwini webusaiti wavomera. Kwa gulu limene woyang'anira wake amatsegula webusaiti kamodzi pamwezi, sizidziwika kuti choopsa kwambiri n'chiti: kugwa usiku popanda woona, kapena kukhala miyezi ndi chibowo chodziwika.

Lachiwiri ndi la udindo. WordPress imadziwika ndi kusunga zakale kwa zaka zambiri kuti ma plugin asathyoke, ndipo ena amati zimenezi zimailemetsa ndi kulekerera ulesi. Mapulogalamu amene amachotsa zakale pa mtundu waukulu uliwonse amakhala aukhondo, koma ma plugin a anthu ongodzipereka amatsalira. Nanga munthu amene anapereka ntchito yake kwaulere ali ndi ngongole yoisamala mpaka liti? Layisensi ya GPL, imene mapulogalamu ambiri otere amayendera, imanena poyera kuti palibe chitsimikizo chilichonse. Funso la amene ali ndi mphamvu pa nkhokwe ya ma plugin nalo linabuka mu 2024, pa mkangano wa Automattic, kampani ya mmodzi mwa oyambitsa WordPress, ndi WP Engine, kampani yobwereketsa maseva, pamene WP Engine inatsekeredwa ku WordPress.org kwa kanthawi, nkhani n'kufika ku khoti ku America.

Kuno kwathu pali funso la ndalama. Ma plugin ambiri ogulitsa amalipiridwa pachaka, m'madola, ndipo layisensi ikatha plugin imagwirabe ntchito koma update imasiya kubwera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwewo unakwera kwambiri kwa gulu lotolera zopereka pa Mpamba kapena Airtel Money, osanenanso za kuvuta kwa kulipira kunja ndi khadi. Ena amathawira ku makope otsitsa pa mawebusaiti osadziwika. Owateteza amati GPL imalola kugawana. Otsutsa amayankha kuti makope oterewa nthawi zambiri amabwera ndi zoipa zobisidwa mkati, ndipo ndi amene amayamba kugwa PHP ikasintha.

Ndiye palinso lamulo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, limene MACRA ikuyang'anira. Webusaiti yochezerana imasunga mayina, manambala a foni ndi mauthenga akumbali a mamembala. Zimenezi zikatuluka kudzera pa plugin yakale imene gulu linasiya dala osaipanga update poopa kugwetsa webusaiti, adzayankhe ndani: komiti imene inakana kutulutsa ndalama, wachinyamata amene ankathandiza mwaulere, kapena kampani ya seva imene inalola PHP yakale kuti ipitirire? Magulu ambiri sanalembe paliponse kuti mwini webusaiti yawo ndani, ndipo ena sadziwa n'komwe amene ali ndi mawu achinsinsi a seva.